Tinkadikira Lole Pamlambe

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono ku Makanjira anamupapasa Zena pamimba kwa kanthawi, kenako anayang'ana ine m'malo moyang'ana mwini mimba.

"Amayi, mwanayu wagona chopingasa. Pano sitingathe. Mupite naye ku boma matenda asanayambe, akadikirire konko. Musazengereze."

Zena ndi mwana wanga wachisamba, ndipo iyi inali mimba yake yoyamba, mwezi wake womaliza. Mwamuna wake Ayub anapita ku Joni mimba isanaoneke n'komwe. Ntchito yake ndi kuyimba foni ndi kufunsa mafunso. Ntchito yonyamula ndi yanga.

Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina, ndipo ndi mvula ya Febuluwale ija palibe ankadziwa kuti ibwera liti. Ndinatsikira kugombe kukafunsa za boti. Mwini boti anangokankha chigubu ndi phazi kuti ndimve kulira kwake. Petulo kunalibe. Ndinaima pamchenga mtima ukuwira. Bambo anga a Wadi, mayi atavutika ndi mimba ya mng'ono wanga, anawagoneka m'bwato n'kupalasa mpaka ku Malindi, kugona panjira, ndipo anafika. Mafuta ake anali mapewa awo. Lero funsani mnyamata wa kugombe kumene kuli nkhafi, akuyang'anani ngati mwamutukwana. Injini ikamva ludzu, mudzi wonse wakhala pansi.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza njinga yamoto pakhomo. Anali Sadik, mng'ono wake wa Ayub, amene amachita kabaza ndi njinga yomwe mkulu wakeyo anagula.

"Amayi, achimwene ayimba," anatero atandipatsa moni. "Akuti ndiwatenge alamu mawa m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu tili ku boma."

"Muwatenge pachiyani?"

"Panjingayi."

"Che Sadik, mwana wanga si thumba la usipa. Munthu wa mimba yotere akhale tang'a kumbuyo kwa mlamu wake, mudzi wonse ukuonerera? Ndipo inu akabaza mwathyola miyendo ingati chaka chino?"

"Ine sindinagwetsepo munthu, amayi."

"Ndiye simuyambira pa wanga. Tikwera lole."

Anafuna kunena kanthu kena ka msewu, ndinamudula. Ndinali ndi zomanga: beseni, zitenje, pepala lakuda loyala, lezala, ulusi, ufa, kapoto. Nthawi yomvera mwana wa dzulodzuloyu akundiphunzitsa msewu ndinalibe.

Lole ndimaidziwa. Ndinayamba kukwera ndili mtsikana, nthawi ya a Tomasi, dalaivala amene ankadziwa aliyense ndi dzina, ngakhale dzina la mayi ake. A Tomasi sankanyamuka pamalo asanazungulire galimoto n'kuona nkhope zonse. Koma ine panali patapita zaka zingapo ndisanayende ulendo wa ku boma, ndipo m'mawa mwake titafika pasiteji tinapeza a Tomasi anapuma kalekale. Pachiwongolero panali mnyamata wotchedwa Fletcher, tizingwe tanyimbo tili m'makutu. Anavomera kuti Zena akhale kutsogolo. Ine ndinamupatsa foni yanga kuti anditchajire, poti sola yathu ndi mitambo imeneyi inali itagona, n'kukwera kumbuyo pamwamba pa matumba.

Kumbuyoko ndinapeza Mwanabibi, mnzanga amene tinavinidwa limodzi. Amagulitsa usipa, ndipo nthawi zonse amayenda paboti, koma petulo yemweyo anamuthamangitsira palole.

"Abiti Wadi!" anafuula. "Ndiye mukupita kukalandira ugogo ku boma? Kwathu kuno kwakuchepera?"

"Sendera uko, wandikhalira chitenje."

"Ukali umenewu mdzukulu akaumva abwerera m'mimba."

"Asabwerere, angotembenuka basi. Ndi chokhacho ndikupempha."

Anasiya kuseka n'kundigwira dzanja. "Insha Allah atembenuka."

Tinayenda motsetsereka ngati mlamba m'matope. Anthu ankanena za msewu watsopano, kuti zimakina zafika, kuti chaka chamawa tiziyenda patala. Ine nkhani imeneyi ndinayamba kuimva Zena ali kumsana, ndiye ndinangofunda mpango kumaso.

Dzuwa litakwera tinafika padambo lija timaliti pa Tayansapato, ndipo lole inachita zomwe imachita chaka chilichonse. Inalira, inagwedezeka, inakhala pansi mpaka m'mimba.

"Aliyense atsike!"

Kwa amene sanayendepo njira yathu ndifotokoze. Lole ikatitimira pa Tayansapato, amuna amatsitsa katundu, amadula nthambi, amakankha. Akazi, ana ndi okalamba amatsogola wapansi mpaka pamlambe waukulu pamwamba pa chitunda, chifukwa galimoto ikangotuluka m'matope siyenera kuimanso pansipa, imathamanga mpaka pouma. Ukatsala kudambo, uyithamangira. Palibe amakuuza zimenezi. Mayi ako anatsogola, iwenso umatsogola.

Ndinamutsitsa Zena. Nkhope yake inali yotuwa, koma ndinati ndi utsi wa dizilo.

"Tiye tiyambepo msanga, iwe umayenda ngati bakha. Mwanabibi, kwende."

Akazi ena achitsikana anali atakhala pamatumba m'mbali mwa msewu, maso pamafoni. Ndinati mumtima, ulesi wa ana amakono, aithamangira okha. Ndinafuulira Fletcher kuti ife tatsogola. Anakweza dzanja osatembenuka, tizingwe take tili m'makutu.

Titayenda kamtunda, dambo litabisika kumbuyo, tinafika pamphambano yomwe sindinkaidziwa. Kumanzere kunali chimsewu chachikulu chofiira, chongopalidwa kumene, timitengo tomangidwa nsanza zofiira tili ndandanda m'mbali mwake. Msewu wathu wakale unapitirira kutsogolo monga mwa masiku onse, koma pakamwa pake anali atayalapo nthambi ndi miyala.

"Umenewo ndi wa eni ake omanga msewu," ndinatero ine. "Ndi wodutsa zimakina zawo."

"Nanga nthambizi?" anafunsa Zena.

"Kwafa galimoto kutsogoloku," anayankha Mwanabibi. "Sukudziwa? Nthambi pamsewu ndiye kuti ina yafa."

Ndi zoona, aliyense amadziwa zimenezo. Chomwe chinandikwiyitsa ine ndi kuchuluka kwake.

"Ayala ngati akutchinga mbuzi. Fletcher akabwera ndi liwiro lake adutsa bwanji?"

Ndiye ine ndi Mwanabibi, amayi akuluakulu awiri, tinawerama n'kuchotsa nthambi zija bwinobwino, miyala n'kugubuduzira kumbali, kukonzera lole njira. Tinasasa m'manja n'kupitirira.

Udzu unali utamera pakati pa msewu mpaka m'mawondo. Ndinati ndi mvula. Pamlambe pankakhala mayi wina wogulitsa thobwa ndi zitumbuwa. Tinapeza chisakasa chake chitagwa, chiswe chitadya nsanamira. Ndinati mwina anamwalira. Galimoto yakufa sitinaione. Ndinati aikonza. Munthu ukatopa umakhala ndi yankho pa chilichonse.

Tinakhala pamizu ya mlambe. Zena anatsamira thunthu, maso ali chitsinzire. Mwanabibi ankasimba za mkamwini wake amene anatumiza firiji kuchokera ku Joni kumudzi kopanda magetsi, ndipo tsopano amasungiramo mbatata. Ndinaseka pang'ono.

Kenako tinaimva. Injini inabangula kudambo, amuna anakuwa, phokoso linayamba kukwera chitunda.

"Dzuka, Zena, yabwera. Konza mpango."

Tinaimirira m'mbali mwa msewu, tikusasa zitenje. Phokoso linakula, linakula, kenako linapatuka. Linalowera kumanzere, kuseri kwa mitengo ndi minda ya chimanga. Tinangoona utsi wakuda pamwamba pa ngaiyaye za chimangacho.

"Iwe! Fletcher! Iweee!" Mwanabibi anathamangira m'munda, manja m'mwamba. "Usipa wanga! Mwana wopanda makutu iwe!"

Phokoso linachepa mpaka tinayamba kumva njiwa.

Ndinaima pamenepo ndikuwerenga m'mutu zimene zapita: beseni, zitenje, ufa, foni. Ndinatembenuka kuti ndimuuze Zena kuti asadandaule, tipeza ina. Ndinamupeza atagwada, manja atagwira muzu, chitenje chake chitanyowa mpaka m'miyendo.

"Amama," anatero, "nsupa yasweka."

"Wayamba liti kumva msana?"

Anatsamiritsa chipumi pamuzu uja.

"Ndikufunsa iwe!"

"Chiswalire cha m'mawa, titangomaliza kupemphera."

"Ndiye osanena? Pakamwa unasiya kunyumba?"

"Ndimaopa kuti mukalipa."

Ndinakalipadi. Ndinakalipira iyeyo, Fletcher, a Tomasi chifukwa chopuma, omanga msewu amene sangalembe ngakhale kachikwangwani, Ayub ndi Joni wake. Mwanabibi anabwerera ali wefuwefu, zisoso zili thoo m'chitenje, n'kundigwira paphewa.

"Abiti Wadi, mukatha kutukwana mundiuze, tione chochita. Ine ndabereketsapo anthu, koma wopingasa ayi. Pano sipobadwira mwana ameneyu."

Ndinkadziwa. Mng'ono wa amayi anga anapita ndi mimba yotere, mwana ali m'kati.

Ndinayamba ndathamangira kutsogolo, poganiza kuti misewu iwiriyi ikumana pafupi. Kuseri kwa chitunda ndinapeza chifukwa cha nthambi zija. Kamlatho kakale anali atakagumula, patsala zitsulo zili ng'aa, madzi ofiira akuthamanga pansi. Msewu umene tinausesera lole sunkapita kulikonse.

Ndinabwerera. "Khala naye. Asakankhe, wamva? Ngakhale akuuze kuti akufa, asakankhe."

Ndinadula m'chimanga kulunjika kumene kunalowera utsi. Patapata imodzi inatsala m'matope, inayo ndinaitaya ndekha. Nditatulukira pachimsewu chofiira chija ndinathyola nthambi n'kuima pakati penipeni.

Njinga yoyamba inabwera itanyamula amuna awiri ndi mbuzi. Woyendetsa analiza belu, ine osasuntha, iye anandizungulira ngati chitsa.

"Mufa, amayi!" anafuula akupita.

"Ufe ndiwe!"

Yachiwiri inali ndi matabwa opingasa msewu wonse. Ndinachita kudumphira m'ngalande. Kale munthu ukaima panjira ndi nkhope ngati yangayi, wapanjinga yopalasa ankatsika n'kufunsa kuti kwagwanji. Izi zimathamanga kwambiri, nkhope siioneka.

Ndinabwerera pakati. Ndinanena ndekha kuti yachitatu indigunde basi.

Yachitatu inachokera kumwera, kumene inalowera lole, nyali ikuyaka masanasana. Inaima ndisanakweze nthambi. Woyendetsa anavula chipewa chake chachitsulo.

Anali Sadik.

"Amayi! Alamu ali kuti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Achimwene ayimba. Anayimba pafoni yanu, wayankha ndi Fletcher. Akuti amayi aja anatsogola wapansi, tikuyembekeza kuwapeza kutsogolo koma sakuoneka. Ndiye achimwene andiyimbira ine, ndinali ku Lungwena kutula nsomba. Nditangomva kuti mwatsogola ndinadziwa kuti muli pamlambe. Msewu umenewo anatseka mvula isanayambe, amayi. Ndimafuna kukuuzani dzulo."

Taonani zinthu zake. Munthu ali ku Joni anadziwa kuti ndasochera ine mwini ndisanadziwe kumene ndili.

"Nkhani zambiri bwanji? Nsupa yasweka. Tiyeni."

Ndinakwera. Inde, ndinakwera, tang'a, kumbuyo kwa mng'ono wa mkamwini wanga, chitenje nditakwinyira m'mawondo. Tinazungulira kumphambano kuja. Sadik anayang'ana nthambi zili mulu m'mbali.

"Ndani wachotsa izi? Munthu akhoza kukagwera kumlatho."

"Yang'anani kutsogolo, Che Sadik."

Pamlambe tinapeza Zena atagona chammbali, mutu pamwendo pa Mwanabibi, akuluma mpango. Ataona mlamu wake anayesa kudzifunditsa.

"Siya manyazi," ndinatero. "Manyazi ndawataya kale ine m'chimangamo."

Kumukweza inali ntchito. Tang'a sakanatha. Tinamukhazika cham'mbali pakati, miyendo mbali imodzi, ine kumbuyo kwenikweni pachitsulo chomangira katundu. Mwanabibi anavula chitenje chake chapamwamba n'kutimanga atatu tonse m'chiuno, mfundo pamimba pa Sadik, monga amamangira matumba ake.

"Dzulo munati si thumba la usipa," anatero Sadik chapansipansi.

"Ndamva zimenezo."

"Ku boma sitifika, amayi. Ndi kutali. Tikaime ku Malindi, kuchipatala cha mishoni. Opaleshoni amachita."

"Kulikonse kuli mpeni ndi dokotala. Nanga iwe, Mwanabibi?"

"Ine ndikabweza nthambi zathu zija tisanaphe munthu," anatero. "Kenako ndiima pamsewu ngati hule mpaka wina andinyamule. Pitani!"

Za ulendo umenewo sindikumbukira mitengo kapena midzi. Ndikukumbukira chitsulo chikundidula matako, ndi mutu wa Zena ukugunda pachifuwa panga. Ululu ukamugwira ankaumitsa thupi lonse, njinga n'kuyamba kupepeluka, Sadik n'kutsitsa mapazi onse awiri m'matope, kuyenda nayo ngati akuyendetsa ng'ombe.

"Amama, ndikufuna kukankha."

"Ukakankha ndikumenya."

"Amama, ndikufa."

"Ukafere ku Malindi, pano ayi. Puma ndi pakamwa. Che Sadik, simungathamange?"

"Dzulo mumati timathamanga kwambiri."

"Dzulo ndi dzulo!"

Pamtsinje wina madzi anafika m'mawondo. Sadik anatimasula, anamunyamula Zena m'manja n'kumuwolotsa, anabwerera kudzakankha njinga, ine ndikukankha kumbuyo, utsi ukundilowa m'kamwa. Kutsidya injini inakana kulira. Anaponda, anaponda, ine ndikuyang'ana mwana wanga atagwira udzu m'mbali mwa msewu. Sindinatukwane. Anapondanso, inatsokomola, inalira.

Lole tinaipeza patsogolo pa Lungwena, itatitimiranso, amuna ali m'matope mpaka m'ntchafu. Fletcher anatikwezera dzanja kuti tiime.

"Foni yanu, amayi!"

"Idya!" ndinafuula, ndipo tinadutsa.

Ku Malindi anamwino atangoona mmene tamangidwira anabwera ndi kabedi kamatayala. Mfundo yomwe Sadik anamanganso kumtsinje kuja inakana kumasuka, anachita kudula chitenje cha Mwanabibi ndi sizasi. Mzamba anamupapasa Zena, anayang'ana mnzake, ndipo sanafunsenso za beseni kapena pepala lakuda. Anathamanga naye. Chitseko chinatsekeka.

Ndinakhala pakhonde. Apo m'pamene ndinaona kuti mwendo wanga wakumanja wapsa ndi paipi ya utsi, chikopa chasupuka, ndipo sindinamve. Sadik anakhala patali pang'ono, foni yake ikungolira.

"Ndi achimwene. Akufunsa ngati mwafika."

"Auzeni kuti akafuna kudziwa akwere basi."

Inaliranso. Inaliranso. Ndinamulanda n'kuika kukhutu.

"Che Ayub, mkazi wanu ali kumpeni. Ine ndilibe nsapato. Mukayimbanso ndiponya foniyi m'nyanja." Ndinamubwezera mwini wake.

Nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, inadutsa, ine ndi matope angawo sindikanatha kuswali, ndinangonena zomwe ndikanatha mumtima. Kenako chitseko chinatseguka, mzamba anatuluka atavula chakukamwa.

"Agogo ake a Zena ndi ati?"

"Mayi ake. Ndine."

"Tsopano ndinu agogo. Zena wachira. Mwana wamkazi. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina, kadzanja kanali katatsogola kale. Nsalu zomufunditsa zili kuti?"

Nsalu zinali palole. Ndinavula mpango wanga wakumutu, chinthu chokhacho chouma chimene ndinali nacho, n'kumupatsa. Ndinakhala mutu uli pamtunda pamaso pa Sadik ndi amuna onse a pakhondepo, imvi zili mbee. Sadik anayang'ana kumbali, anavula jekete lake lonunkha nsomba n'kundipatsira chakumbuyo. Ndinafunda.

"Che Sadik."

"Amayi."

"Mwadya?"

"Ayi."

"Katundu akafika ndikuphikirani." Ndinaona kuti akudikira mawu ena. "Mwayendetsa bwino. Basi, musayembekeze nyimbo."

Katundu sanafike tsiku limenelo. Fletcher atatuluka m'matope anadutsa pa Malindi osaima, poti iye ankadziwa kuti tikupita ku boma. Mwanabibi anafika dzuwa litapendeka, atakwera pamwamba pa matumba a makala panjinga ina, nkhope yakuda bii. Anasuzumira mwana, analira, kenako anayamba kundilipiritsa chitenje chake. Beseni ndi ufa Sadik anakazitenga ku boma m'mawa mwake, pamodzi ndi usipa wa Mwanabibi ndi foni yanga, yomwe Fletcher sanaitchaje n'komwe.

Zena akupeza bwino, mwana akuyamwa ngati ganyu. Dzulo namwino anabwera kudzaona bala, ndipo ananena kuti akatitulutsa tisamale: munthu wa opaleshoni asakwere njinga yamoto, asakwere lole, asagwedezeke.

"Kwanu ndi kuti, amayi?"

"Ku Makanjira."

Anandiyang'ana, nanenso ndinamuyang'ana.

"Ndiye mubwerera pachiyani?"

Ndamutuma Sadik kugombe akafunse ngati alipo wina amene akadali ndi nkhafi.